Kodi kadyedwe ka paleo n'kotheka popanda nyama ya ng'ombe zodya msipu wokha?

"Ndine mphunzitsi wa zaka 44 ndipo ndimakhala kufupi ndi Chitakale ku Mulanje. Mwezi wathawu kuchipatala anandiuza kuti thupi landichulukira ndipo shuga wanga wayamba kukwera, ngakhale sanafike poti ndiyambe kumwa mankhwala. Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg wakhala akunditumizira mauthenga pa WhatsApp onena za kadyedwe ka paleo, koti munthu asiye nsima, mpunga, nyemba, mkaka ndi shuga, n'kumadya nyama, nsomba, mazira, masamba ndi zipatso. Koma akunenetsa kuti nyamayo ikhale ya ng'ombe zodya msipu wokha, apo ayi ndingodzipweteka. Nditafunsa kubutchala anangondiseka, komanso malipiro anga sangandilole kudya nyama ya ng'ombe tsiku ndi tsiku. Kodi ndingosiya, kapena pali njira ina?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mtima ukhale m'malo, chifukwa nkhani ya msipu imene yakusowetsani tuloyi ndiyo yaing'ono pa zonse zimene mwalemba. Shuga amene wangoyamba kukwera amatha kubwerera m'malo mwake munthu akachepetsa thupi ndi kusintha kadyedwe. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anasonyeza kuti anthu a shuga wongoyamba kukwera amene anathandizidwa kuchepetsa thupi ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse, ndiponso kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa mlungu, anachepetsa chiopsezo chodwala matenda a shuga ndi magawo 58 pa 100 alionse. Kwa munthu wolemera makilogalamu 80, apa tikunena makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Pa zaka zimene ndakhala ndikulangiza anthu za kadyedwe ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndaona ambiri akukwanitsa zimenezi ndi ndiwo za pamsika wa kwawo, ndipo ena mwa iwo nyama ya ng'ombe ankailawa pa Khirisimasi ndi paukwati pokha.

Kuti mumvetse chimene mlamu wanu akulimbikirira za msipu, tiyenera kuona kumene kadyedweka kanachokera. Mu 1985 akatswiri awiri a ku America, S. Boyd Eaton ndi Melvin Konner, analemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti matupi athu anazolowera zakudya za anthu akale osaka nyama ndi kutola zam'tchire, amene anakhalako ulimi usanayambe zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndi kuti matenda ambiri a masiku ano akudza chifukwa chosiya kadyedwe kameneko. Buku la Loren Cordain la mu 2002 ndilo linafalitsa maganizowa kwa anthu wamba. Tsono ku America ng'ombe zambiri za nyama zimatha miyezi yake yomaliza zili m'makola akuluakulu, zikudyetsedwa chimanga ndi soya kuti zinenepe msanga, ndipo ku South Africa kumene kuli mlamu wanuko n'chimodzimodzi. Nyama yake imakhala yamafuta kwambiri, yosiyana ndi nyama yam'tchire imene anthu akale ankadya. Munthu wa ku Johannesburg akafuna nyama yopanda mafuta ambiri amayenera kufunafuna paketi yolembedwa mwapadera n'kulipira ndalama zoonjezera, choncho malangizo ake ndi oona kumene iwo ali.

Kuno zinthu n'zosiyana. Ng'ombe zambiri za m'Malawi ndi zamakolo zija za linunda, zimene zimadya m'madambo nyengo ya dzinja ndi kutola mapesi m'minda anthu akakolola, ndipo zambiri zimene zimaphedwa m'chigawo chakummwera zimachokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Zilipo ndithu zonenepetsera m'khola ndi madeya, ndiponso ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene malo odyetsera ziweto ndi ochepa chifukwa cha minda ya tiyi ndi kuchuluka kwa anthu, ng'ombe zambiri ndi zamkaka zodyera m'khola nsenjere ndi madeya. Komabe nyama yolimba, yofiira kwambiri, yokhala ndi mafuta ochepa achikasu imene mumaiona itapachikidwa kubutchala ya pamsika, kawirikawiri ndi ya ng'ombe yodya udzu. A kubutchala anakusekani chifukwa kuno palibe amene amalemba zimenezi papepala, ndipo mwina nyama imene munkafunsayo inali pamaso panu pomwepo.

Ndi zoona kuti nyama ya ng'ombe yodya msipu imakhala ndi mafuta ochepa, ndipo mwa mafuta ochepawo muli mafuta abwino otchedwa omega-3 ochulukirapo kusiyana ndi a ng'ombe yodya chimanga. Koma nyama ya ng'ombe, kaya ya msipu kaya ya m'khola, si kumene munthu angadalire kupeza omega-3, chifukwa nsomba zamafuta zimaiposa kutalitali. Zomanga thupi, ayironi, zinki ndi vitamini B12 zimapezeka pafupifupi mofanana m'nyama zonse ziwiri. Mukagula nyama yonona, chotsani mafuta ooneka musanaphike, ndipo mukaiwiritsa yengulani mafuta oyandama pamwamba pa msuzi. Mukatero mwachotsa mbali yaikulu ya chimene anthu a paleo amachiopa.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, choncho tiyeni tione zimene muli nazo pafupi. Munthu wamkulu amafunika magalamu pafupifupi 0.8 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku, kutanthauza magalamu 56 kwa munthu wa makilogalamu 70. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, pamene magalamu 100 a nyama yophika ali ndi magalamu pafupifupi 25. Mbuzi yam'mudzi, imene imamangiriridwa pachingwe m'dzinja n'kumayenda yokha m'chilimwe, moyo wake wonse imadya udzu ndi masamba a mitengo, ndipo nyama yake ndi yamafuta ochepa kuposa ya ng'ombe. Nkhuku yachikuda imadzitolera yokha tizilombo ndi njere. Ngakhale nkhuku yoyera ya pafamu ndi mazira a patebulo musaziope, chifukwa ndi chakudya chabwino ndithu. Chikopa chokha muzichotsa, ndipo muziwiritsa kapena kuwotcha m'malo mokazinga m'mafuta ambiri.

Koma chimene ndimalimbikitsa kwambiri aliyense wobwera ndi funso ngati lanuli ndi nsomba zing'onozing'ono: usipa ndi utaka za ku nyanja ya Malawi, matemba a ku Chilwa, ndi bonya amene ambiri amamupeputsa ngati ndiwo ya pakati pa mwezi. Nsomba zimenezi timadya zathunthu, mutu, minga ndi zam'mimba zomwe, ndipo m'menemo ndi momwe muli kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi, zinki ndi vitamini A. Nsomba youma imataya madzi, motero kupitirira theka la kulemera kwake kumakhala zomanga thupi, ndipo kamulu kamene mumagula pa Chitakale, pa Nkando kapena pa Limbuli kamadyetsa banja pa mtengo umene nyama ya ng'ombe singakwanire ngakhale anthu awiri. Usipa ndi nsomba yamafuta, ndipo omega-3 amene mlamu wanu akumusaka m'nyama yodula alimo. Nsombazi zimakula m'nyanja popanda wozidyetsa, choncho ngakhale malamulo okhwima a paleo sangazikane. Pogula, pewani zonunkha mafuta ovunda, zachuku, kapena zafungo la mankhwala ophera tizilombo. Muzitsuke m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, ndipo ngati ndi zothira mchere muziviike kaye, makamaka ngati magazi anu amathamanga. Muziphike ndi tomato ndi anyezi, mafuta akhale a pasupuni osati othira m'botolo. Mlamba wowamba ndi makumba a m'mayiwe a alimi nazonso ndi zabwino, ndipo chambo chisakupatseni nkhawa, si choposa usipa pa thanzi ngakhale chili choposa pa mtengo.

Zam'kati nazo anthu a paleo amazitamanda kwambiri pamene ife timaziona ngati zotsalira. Chiwindi chili ndi ayironi ndi vitamini A wochuluka kwabasi, kotero kuti kamodzi pa mlungu n'kokwanira, ndipo mayi woyembekezera asachidye pafupipafupi chifukwa vitamini A akachulukitsa amatha kuvulaza mwana m'mimba. Mtima, nthumbwana ndi mang'ina ndi zotsika mtengo, ndipo msuzi wa mafupa umakometsa masamba popanda kuthira mafuta ena. Ngumbi zikatuluka mvula yoyamba, kapena bwanoni ndi mphalabungu zikafika nyengo yake, musachite nazo manyazi, popeza zili ndi zomanga thupi ndi mafuta ambiri. Ngumbi zimadzikazinga ndi mafuta ake omwe. Ngati pakhomo panu pali kamalo, nkhunda kapena akalulu safuna msipu waukulu. Nyama yam'tchire yokha ndikukuletsani: kusaka m'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje ndi mlandu, komanso nyama yotere palibe amene waiyeza.

Kuyezaku ndi kumene ndikufuna muikepo mtima kuposa msipu. Gulani nyama imene yaphedwa pamalo ovomerezeka ndipo ili ndi chidindo cha alangizi a ziweto, chifukwa iwo amayang'ana mapapo ndi chiwindi ngati muli chifuwa chachikulu cha ng'ombe kapena nyongolotsi. Nyama yotsika mtengo modabwitsa, yogulitsidwa madzulo m'beseni, nthawi zambiri ndi ya chiweto chofa chokha kapena chophedwa chikudwala chitangobayidwa mankhwala. Nyama ya nkhumba yokhala ndi masese, tija toyera tonga mpunga, musaigule ngakhale akuchotsereni theka la mtengo, chifukwa imapatsa nyongolotsi ya m'mimba imene mazira ake akalowa m'thupi la munthu amatha kufika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Nyama iliyonse ipse mpaka m'kati. Dziwaninso kuti mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO inaika nyama zokonzedwa kufakitale, monga masoseji ndi poloni, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo nyama yofiira inaikidwa m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa. Bungwe la World Cancer Research Fund limalangiza kuti nyama yofiira yophika isapitirire magalamu 350 mpaka 500 pa mlungu, ndipo malire amenewa sasintha chifukwa choti ng'ombeyo inkadya udzu. Kusakwanitsa kudya nyama ya ng'ombe tsiku ndi tsiku, kumene mukukudandaulako, sikukuchotserani kanthu pa thanzi lanu.

Tsopano ndinene pamene ndimasiyana ndi paleo, chifukwa sindingakulangizeni kutsata malamulo ake onse. Kadyedweka kamaletsa nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza, ponena kuti anthu akale sankadya zimenezi ndiponso kuti zili ndi tinthu tosokoneza m'mimba. Tinthu timeneti tambiri timawonongeka nyemba zikaviikidwa ndi kupsa bwino, ndipo amayi a kuno akhala akudziwa zimenezi kuyambira kale. Ndi chifukwa chake kalongonda amamuwiritsa nthawi yaitali n'kumataya madzi ake asanamudye. Nkhani yoti anthu akale sankadya mbewu nayo siyoona yonse. Mu 2009 wofufuza zakale Julio Mercader anafalitsa zimene anapeza m'phanga la Ngalue, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, tsidya lina la nyanja yathuyi: zotsalira za mapira am'tchire pa zida zamiyala za zaka zoposa 100,000. Ahadza a ku Tanzania, amene ena mwa iwo akadali osaka ndi otola mpaka lero, amadya kwambiri mizu, malambe, zipatso zam'tchire ndi uchi, osati nyama yokha. Kwa munthu wa shuga wongoyamba kukwera, nandolo ndi nyemba ndi bwenzi, chifukwa zimagayika pang'onopang'ono, zimakhutitsa nthawi yaitali, ndipo sizikweza shuga mwadzidzidzi. Kuuza munthu wa ku Mulanje, kumene nandolo ali pafupifupi m'munda uliwonse, kuti amusiye n'kumakongola ndalama zogulira nyama, ine ndimakuona ngati kumulakwira. Mtedza ndi nsinjiro pitirizani, bola zikhale zopanda chuku.

Phindu lenileni la paleo lili pa zimene kamachotsa zija zochokera kugolosale ndi pachiwaya: zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, shuga wa mu tiyi, buledi woyera, masikono, mandasi, mabisiketi ndi tchipisi. Aphunzitsi ambiri amene ndawalangiza vuto lawo limakhala pa nthawi yopumula ya m'mawa, pamene tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi awiri zimadyedwa osaziwerengera ngati chakudya. Yambirani pamenepo. Uchi, ngakhale paleo amaulola ndipo alimi a m'mbali mwa phiri ali nawo wabwino, m'magazi umasanduka shuga yemweyo, choncho usalowe m'malo mwa shuga mu kapu yanu.

Za nsima, ndikudziwa kuti munthu akagona osadya nsima amati wagona ndi njala, ndipo anthu amene amaisiyiratu mwadzidzidzi ambiri amabwerera pasanathe mwezi ali ndi njala ya mitanda inayi. Ndi bwino kusiya ufa woyera n'kutenga mgaiwa, kudya mtanda umodzi wapakatikati, ndi kudzaza theka la mbale ndi masamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada, mpiru kapena therere. Ngati mukufuna kuyandikira paleo kwambiri, pa chakudya chimodzi patsiku ikani mbatata yophika, makamaka yofiira m'kati ija, nthochi zosapsa zowiritsa kapena maungu m'malo mwa nsima. Chinangwa ndi makaka zili ndi sitachi wambiri ndi zomanga thupi zochepa, choncho sizikuposa mgaiwa pa nkhani ya shuga, ndipo chinangwa chowawa chiyenera kuviikidwa ndi kuyanikidwa bwino chifukwa chili ndi poizoni. Mapeyala, amene nyengo yake amachita kutayika ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndi mafuta abwino kwambiri, ndipo theka la peyala ndi mazira awiri owiritsa ndi kadzutsa wokufikitsani masana. Makademiya amalimidwa ku Thyolo komweko, koma mtengo wake ndi wa misika yakunja, ndipo simukutaya kanthu mukapanda kudya. Chinanazi, mango ndi nthochi zakupsa muzidya pang'ono, zidutswa zochepa pa nthawi imodzi, osati kufinya madzi ake, pamene magwafa ndi mapapaya mungathe kudya momasukirapo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu otsata paleo mokhwima amasowa m'thupi. Choyamba ndi ayodini. Kadyedweka kamaletsa mchere wa patebulo ndi mkaka, pamene kuno ayodini timamupeza makamaka mu mchere wa m'paketi umene lamulo limafuna kuti ukhale wothira ayodini, ndipo akasowa munthu amatupa chithokomiro. Ku Sweden anatsatira kwa zaka ziwiri amayi onenepa amene anasiya kusamba, ndipo amene ankadya mwa paleo anachepa thupi kwambiri pa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, koma ayodini anawatsika m'thupi, ndipo pofika kumapeto kwa zaka ziwirizo kusiyana kwawo ndi anzawo odya mwa malangizo wamba kunali kutachepa. Choncho mchere muchepetse, osapitirira magalamu 5 patsiku monga WHO imalangizira, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, koma ukhale wa ayodini. Chachiwiri ndi kashiamu, amene mayi wa msinkhu wanu akumufuna kwambiri pamene akuyandikira kusiya kusamba. Mkaka ndi chambiko zopanda shuga sindikuona chifukwa chozisiyira, makamaka kuno kumene alimi a ng'ombe zamkaka ali pafupi, bola mkakawo uwiritsidwe. Koma mukasankha kuusiya, nsomba zodya ndi minga zomwe ndi masamba obiriwira zisasowe pa mbale yanu.

Popeza mphika ndi umodzi pakhomo, samalani kuti kusintha kwanu kusagwere ana. Mwana amene akukula akufunika magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa, kuphatikizapo phala, nsima, nyemba ndi mafuta ophikira, amene kuno amathiridwa vitamini A. Inu sinthani kukula kwa mtanda ndi kuchuluka kwa masamba pa mbale yanu yokha.

Musanayambe, bwererani kuchipatala cha boma cha Mulanje kapena ku Mulanje Mission, muwauze zimene mukufuna kusintha, ndipo akuyezeni shuga wa m'mawa musanadye, kuthamanga kwa magazi, kulemera, ndiponso impso ngati n'kotheka, chifukwa munthu wa impso zofooka sayenera kuchulukitsa nyama ndi nsomba. Amene amatupa ndi kuwawa mfundo za zala zakumapazi chifukwa cha gauti asamale ndi zam'kati, nyama yofiira ndi nsomba zing'onozing'ono zomwe ndatamandazi. Ngati muli ndi pakati, mukuyamwitsa, mukumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ma ARV, musachotse gulu lililonse la zakudya popanda kukambirana ndi dokotala. Ndipo ngati m'tsogolo angakuyambitseni mankhwala a shuga monga glibenclamide kapena jakisoni wa insulin, kuchepetsa nsima mwadzidzidzi kungatsitse shuga mopitirira muyeso, zimene zimadziwika ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire ndi kusokonezeka maganizo. Zikatero imwani msanga madzi a shuga ndipo pitani kuchipatala kuti akaonenso mlingo wa mankhwalawo.

Mukayezetsenso pakatha miyezi itatu, ndipo manambala anu muzilemba m'buku lanu la kuchipatala kuti muziona kumene akulowera. Shuga wa m'mawa musanadye akafika 7.0 mmol/L (muyeso wa shuga wa m'magazi) kapena kuposa pa kuyeza kuwiri, amenewo ndi matenda a shuga ndipo zakudya zokha mwina sizingakwanire. Koma musadikire miyezi itatuyo mukaona ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuwonda kofulumira kumene simukukumvetsa, kuona mwachimbuuzi, dzanzi kumapazi kapena chilonda chosapola. Zimenezi n'zopita nazo kuchipatala mlungu womwewo.